Za Kudzuka kwa Dziko Utapita Mliri

Mlendo akatifunsa ife a kuno ku Lifupa kuti, "Kodi mliri uja unatha?" timabvomera msanga kuti unatha. Koma akaonjeza kuti, "Nanga cuma canu cinabwerera?" pamenepo timayamba tayang'ana pansi, pakuti munthu wodzuka pa mphasa ya matenda sathamanga tsiku lomwelo.

Tikumbukire pamodzi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, nthenda ya korona isanapezeke n'komwe m'dziko muno. Za odwala oyamba tinamva pa 2 Epulo. Ife aphunzitsi tinakhoma zitseko tiri kuyesa kuti ndi za masabata owerengeka, koma ana anadzayamba kubwerera mu Seputembala ndi Okutobala. Nthawi yomweyo fodya anali atauma m'zigafa, ndipo alimi analetsedwa kulowa m'misika, monga wathu wa ku Chinkhoma, kuopa kupatsirana nthenda. Taganizani: munthu anafesa nazale, nathirira m'mawa ndi madzulo, nasoka masamba mpaka zala kuda, nadinda mabelo pa jeke, ndiye akhale pakhomo kulindira pepala lomuuza mtengo wace! Ndani mwa inu angatumize mbuzi yace kumsika, iye osamuona wogula?

Ana athu a ku Joni, amene ankatumiza ya sopo ndi ya feteleza, ambiri nchito inawathera, ndipo ena anabwera pa mabasi kudzera ku Mwanza, m'manja muli lende. Alendo odzaona nyama m'nkhalango ya Kasungu anacepa. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo ngakhale aja ankati ndi nthenda ya Azungu anakhala cete.

Katemera atafika mu Malichi 2021 tinati tsopano tipuma. Koma ai ndithu. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza ndi wa mafuta pa dziko lonse lapansi. Ndipo pakuti zinthu zimenezi timazigula kunja ndi madola, amene dziko lathu linali nao ocepa, boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Thumba la feteleza wa makuponi, limene mu 2020 tinagula K4,495, linafika pa K15,000 mu 2022. Malipiro a mphunzitsi tingowasiya, pakuti tikayamba pamenepo pepala lino silikwana.

Tsono pano pali cinthu cimene ambiri sacizindikira. Fodya amagulidwa ndi madola. Cotero kwacha ikagwa, mwini cilolezo amalandira makwacha ambiri pa belo lomwe lija, ndipo mu 2024, ngakhale cilala cinaononga cimanga m'maboma ambiri, mitengo ya fodya inali yokondweretsa. Tinaona malata atsopano pa madenga, ndi njinga zamoto zirikuutsa pfumbi m'njira ya ku boma. Sitidandaula nazo, anazibvutikira. Koma tenanti, amene anacokera ku Mulanje kapena ku Mangochi ndi mkazi ndi ana, salandira dola. Iye amapangana ndi mwini munda m'makwacha, ndipo caka cikatha amayamba wacotseredwa za cimanga ndi mcere zimene anadya. Kwacha ikagwa, wina imamtukula, wina imamgwera pamutu, onsewo a m'munda umodzi. Akulu a ku Lilongwe akamanena kuti cuma ca dziko cakwera, sanama. Koma ife tifunsa kuti, cakwera m'nyumba ya yani?

M'midzi muno, amene tinawaona akudzutsa maanja ndiwo amai a banki mkhonde. Pakati pa mliri magulu ena anabalalika cifukwa ngongole sizinabwezedwe. Koma anakhalanso pansi pa mtengo, nayambanso kusonkha pang'ono pang'ono. Maanja enanso anagawa munda, kwina fodya, kwina soya ndi mtedza, kuti mtengo wa mbeu imodzi ukagwa asagone ndi njala.

Pali ngongole ina imene sitiona wodzaibweza. Pamene tinatsegula sukulu ndi kuitana maina m'kaundula, ena sanabvomere. Anyamata anali atalowa ganyu m'zigafa; asungwana ena anali ndi pakati, ena atakwatiwa. Mmodzi wa iwo ndiye anali kutsogola pa masamu m'kalasi lathu. Tinapita kwa makolo ace kawiri, ndipo anatilandira mwaulemu, natiyalira mkeka, nati, "Aphunzitsi, taziona zimenezo, koma mwanayo adya ciani?" Tinasowa coyankha.

Masiku ano amakhala pambali pa njira ya kusukulu ndi beseni la mandasi, mpamba wace unacokera ku banki mkhonde. Mwana wace amasewera pomwepo, ndipo posacedwa tidzamlemba m'kaundula momwe muja. Dzulo tinagula mandasi atatu. Anawerenga cenji ndi mutu ife tisanatseke cikwama, ndipo sanaphonye.