Pempho la Amalume

Amalume atagona miyezi isanu ndi khansa ku Livingstone, anandigwira dzanja nati, "Mphwanga, kauze adotolo andilase nyeleti, ndipumule."

Madzulo amenewo ndinayendayenda mu mseu wa Mosi-oa-Tunya, mtima uli wolemera. Ku Netherlands lamulo lilola zotere kuyambira mu 2002, koma kuno ndi mlandu wakupha. Ndivomere kuti ndinawasirira eni dzikolo.

M'mawa mwace anamwino anabwera ndi morphine. Ululu utazizira, amalume anapempha phala, nafunsa ngati cimanga cao ku Katete capaliridwa. Za nyeleti sanachulenso kufikira anatisiya patapita masabata atatu.

Lero kusirira kuja kwasanduka mantha. Lamulo lotere likafika kumidzi morphine asanafike, tidzathandiza kufa odwala amene angofuna kupeza tulo.