Kanema wa Ukwati ndi Mau a pa Guwa

Msika wa fodya ukatsekulidwa cha m'mwezi wa Epulo, malole a mabelo n'kuyamba kutsetsereka mu mseu wa M1 kulowera ku okushoni ya ku Chinkhoma, ansembe a kuno ku Nkhamenya timadziwiratu kuti nyengo ya maukwati yayandikira. Zigafa zikamatsala zopanda kanthu, khonde la ofesi ya parishi ndiye limadzaza. Anyamata ndi atsikana amabwera awiriawiri, ankhoswe ao ali pambuyo, kudzalembetsa maina kuti ukwati wao ulengezedwe m'tchalitchi. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala, ndi masiku a Loweruka owerengeka okha amene amadutsa osamva nthungululu.

Pa maphunziro okonzekera ukwati ndimakonda kupempha awiriwo kuti andionetse pepala limene alembapo zofunika pa tsiku lao. Pamakhala diresi ndi velo, suti, mphete, keke, mpunga, mbuzi ndi nkhuku, zokuzira mau, jenereta ndi galimoto yodzanyamula akwati. Koma pamwamba penipeni, kawirikawiri patsogolo pa chakudya chomwe, pamalembedwa chinthu chimene makolo athu sankachidziwa: wojambula kanema. Tisaiwale kuti dziko lathu lidatsekula wailesi yake ya kanema m'chaka cha 1999, dzulodzuloli. Kale pa ukwati wa kumudzi pankafika munthu mmodzi pa njinga yakapalasa, kamera ili lende pakhosi. Ankatola zithunzi zingapo pakhomo pa tchalitchi, n'kutumiza filimuyo kutauni kuti akaitsuke, ndipo patapita milungu banja linkalandira chithunzi chimodzi kapena ziwiri zokapachika pakhoma. Lero wojambula amabwera ndi anzake, makamera awiri, nyali zothobwa m'maso, mwinanso ndi kandege kouluka pamwamba pa mitu ya anthu.

Owerenga okondedwa, musaganize kuti wansembe uyu akudana ndi kanema. Iyai. Kukumbukira ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo Misa yomwe timachita tsiku ndi tsiku ndi chikumbutso. Alipo abale athu ambiri amene ali pa ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene sangathe kufika pa ukwati wa mlongo wao. Kanema amawafikitsa pa khomo la makolo ao. Ndikudziwa banja lina limene limasunga kanema wa ukwati ngati chuma, chifukwa m'menemo ndi mokha momwe mudatsala liwu la agogo ao akulangiza akwati, iwo atatsala miyezi yochepa kuti atisiye. Zotere sizigulika ndi ndalama.

Chimene chimandipatsa maganizo ndi china. Ndikafunsa kuti, "Kodi wojambula ameneyu mudamsankha ndani, ndipo mudagwirizana bwanji za mtengo wake?" pamagwa chete. Mnyamata amayang'ana pansi, mtsikana amayang'ana pazenera. Pambuyo pake zimamveka kuti adamsankha ndi wapampando wa komiti ya ukwati, kapena achimwene amene atumiza ndalama kuchokera kunja, kapena mtsikana yekha ataona kanema wa mnzake pa foni. Nthawi zina ndi mu ofesi momwemo mmene mmodzi wa iwo amamvera koyamba kuchuluka kwa ndalamazo. Pamenepo ndimaona kuti nkhani yakula kuposa kamera. Kukonzekera tsiku la ukwati ndiwo msonkhano woyamba wa banja latsopano. Ngati awiriwo alephera kukhala pansi ndi kumvana pa za tsiku limodzi, adzamvana bwanji pa za munda, za ana, za matenda ndi za abale, pa zaka zonse zimene Mulungu adzawapatse?

Tiyeni tiyambe tadzifunsa chimene chimapanga ukwati. Eklezia amaphunzitsa kuti ukwati umamangidwa ndi chivomerezo cha mwamuna ndi mkazi, choperekedwa mwaufulu. Zimenezi zidalembedwa m'buku la Malamulo a Eklezia la chaka cha 1983, pa nambala 1057. Msonkhano waukulu wa ku Trent, m'chaka cha 1563, ndiwo udalamula kuti chivomerezocho chiziperekedwa pamaso pa wansembe ndi mboni, pofuna kuthetsa maukwati a m'seri amene munthu ankatha kuwakana mawa lake. Tsono amene amapatsana sakramenti ndi akwati eni ake. Ine wansembe ndimaima pamenepo ngati mboni ya Eklezia ndi wopereka dalitso. Zofunika zake n'zochepa: anthu awiri omasuka, wansembe kapena dikoni, ndi mboni ziwiri. Boma nalo, mwa lamulo la maukwati la chaka cha 2015, limafuna kuti onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18. Keke mulibe m'malamulo amenewa, velo mulibe, kamera mulibe. Phata la tsiku lonse ndi mau ochepa amene awiriwo amalankhulana atagwirana manja, mau osatha ngakhale mphindi zisanu.

Choncho wojambula amaitanidwa kuti adzatumikire mau amenewo. Tsoka lake, zinthu zimatembenuka, mwambo n'kuyamba kutumikira kamera. Tsiku lina akwati atangovekana mphete, wojambula adandinong'oneza kuti, "Bambo, tabwerezaniko pamenepa, batire inathima." Ndidamuyankha kuti chithunzi cha mphete adzatola panja Misa ikatha, koma malumbiro sabwerezedwa ngati sewero, zimene zamangidwa zamangidwa. Tsiku lina wojambula adaima pakati pa akwati ndi mpingo, mwakuti mai amene adabereka mtsikanayo, adamlera ndi kumphunzitsa ndi ndalama za ganyu, pa nthawi ya malumbiro adangoona msana wa munthu wachilendo. Kangapo konse Misa yachedwa ndi maola awiri chifukwa mkwatibwi akumjambula akudzola ndi kuvala, pamene nkhalamba zimene zidalawira mbandakucha kuchokera ku midzi yakutali zili pa mabenchi ndi njala. Ndipo ndidaonererapo kanema wina wokongola kwambiri, wodzaza ndi magule ndi perekaniperekani, koma pofika pa malumbiro wokonza adaikapo nyimbo, milomo ya akwati ikungogwedezeka osamveka kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Banjalo lidalipira ndalama zambiri kuti lisunge zonse kupatula ukwati weniweniwo.

Palinso nkhani ya ndalama, imene kuno kwathu singasiyanitsidwe ndi fodya. Mlimi wa fodya amalandira kamodzi pa chaka. Pa ndalama zomwezo kampani imayamba yadula ngongole ya zipangizo ngati adalima pa mgwirizano, matenanti ndi aganyu akudikira malipiro ao, ana akufuna fizi, ndipo feteleza wa chaka chamawa ayenera kugulidwa mvula isanagwe. Chichokereni mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mlimi aliyense akudziwa mmene thumba la feteleza lidakwerera. Ukwati wa mu Seputembala umachitika nazale ili kale pa dimba. Ndalama imene yapita ku phwando ndi yomweyo imene ikadathira m'munda mu Disembala. Ambiri amadzitonthoza kuti zonse zidzabwerera pa perekaniperekani, n'kukatenga katapila kapena ngongole ya ku banki mkhonde. Koma akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndaona mabanja akuyamba moyo wao ndi kubisala angongole, ndipo mkangano wao woyamba uli wa kuti adakakamiza zimenezi ndani. Mu Febuluwale, nkhokwe itapepuka, kanema saphikidwa.

Bala lalikulu koposa lili kwina. M'miphakati yathu muli mabanja ambiri amene adalowana kalekale, ankhoswe adawadziwa, ana adabadwa, koma sadadalitse ukwati wao, ndipo akhala zaka osalandira Ukaristia. Ukawafunsa chifukwa, sanena kuti sakondana kapena kuti sakhulupirira. Amati, "Bambo, sitinapeze ndalama za ukwati." Akutanthauza ndalama za holo, za keke ndi za kanema. Amaopa kusekedwa kuti adachita ukwati waumphawi. Apa m'pamene mtima wa wansembe umawawa, poona kuti zokometsera zasanduka mpanda wotsekereza akristu ku sakramenti. Papa Francis, m'kalata yake ya Amoris Laetitia ya chaka cha 2016, adadandaula za chimodzimodzi: kuti okonzekera ukwati amathera mphamvu ndi chuma pa makalata oitanira anthu, zovala ndi phwando, n'kufika pa guwa ali otopa, ndipo adawalimbikitsa kuti asachite manyazi kusankha mwambo wosalira zambiri. Amene timachititsa manyaziwo ndife tomwe, akristu anzao, ndi ndemanga zathu za pa chitsime ndi za pa foni.

Tsono kwa inu ana anga amene mukukonzekera, nawa malangizo anga. Komiti isanakhale, khalani pansi inu awiri. Aliyense anene poyera ndalama zimene ali nazo ndi ngongole zimene ali nazo, osabisa. Patulani kaye za feteleza, za nyumba ndi za chakudya cha miyezi yoyamba. Zotsalazo ndizo za phwando. Mukamvana, pitani kwa ankhoswe ndi makolo mwaulemu, muwafotokozere ndi kumva nzeru zao, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ukwati wa kwathu kuno umalumikiza mabanja awiri. Koma iwo akumva liwu limodzi kuchokera kwa inu, m'malo moti aliyense azikokera kwao. Mbale akafuna kukupatsani mphatso ya wojambula, thokozani, komabe mupemphe kuti mukaonane naye nokha munthuyo.

Ngati ndalama zilipo ndipo mwagwirizana zokhala ndi kanema, pitani nonse awiri kwa wojambulayo. Musakhutire ndi tizidutswa tokongola timene amaonetsa pa Facebook kapena pa WhatsApp. Mpempheni akuonetseni kanema wathunthu wa ukwati wina wa m'tchalitchi, ndipo mutchere khutu: kodi malumbiro akumveka? Kodi mau a Mulungu ndi malangizo a makolo adawasunga, kapena adangotola magule? Mfunseni ngati ali ndi mabatire okwanira, popeza magetsi kuno sadalirika. Mtengo wake, za ulendo wake, chimene adzakupatseni ndi tsiku lodzakupatsani, zonse zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni, ndipo musalipiretu zonse ntchito isanathe. Mugwirizanenso ngati mukulola kuti nkhope zanu ndi za alendo anu aziike pa intaneti potsatsa ntchito yake. Kenaka mubwere naye kwa bambo mfumu tsiku lisanafike, kuti adziwe poima, poyenda ndi nthawi yokhala chete, makamaka pa nthawi yopatulira mkate ndi vinyo. Mukalandira kanemayo musungeni m'malo awiri kapena atatu. Amene adajambulitsa pa matepi a kale lero akusowa makina oonera, ma DVD amakalika, ndipo foni imatayika kapena kubedwa. Zithunzi zingapo zotsukidwa pa pepala zimakhalitsa kuposa zonsezi.

Ngati ndalama palibe, musazengereze sakramenti chifukwa cha kamera. Mnzanu mmodzi wodekha, ataima pamalo amodzi ndi foni yake, angathe kusunga malumbiro anu bwino lomwe. Ndipo ngakhale pasapezeke wojambula konse, ukwati wanu suchepa ndi pang'ono pomwe pamaso pa Mulungu.

Kwa inu ojambula, ambiri mwa inu achinyamata amene mwadzipezera ntchito ndi luso la manja anu, ndikuti ntchito yanu ndi yolemekezeka. Ndidagwirapo ntchito ndi mmodzi amene adafika tsiku la Lachisanu kudzaona tchalitchi, n'kufunsa kumene dzuwa limalowera m'mawa. Pa Misa adaima pambali pa chipilala, mwakuti ambiri sadadziwe kuti alipo. Kanema wake atatuluka, mau onse a akwati ankamveka, ndipo adatola ngakhale misozi ya bambo wa mkwati, munthu amene ana ake anali asanamuonepo akulira. Luso lotere limachokera m'kudziwa kuti tsikulo eni ake ndi ena.

Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 2, timawerenga za ukwati wa ku Kana. Mlembi sadatiuze maina a akwatiwo, zovala zao kapena kuchuluka kwa alendo. Adangosunga zakuti vinyo adatha, Amai Maria adaona vutolo, ndipo Ambuye Yezu, amene adaitanidwa, adawachotsa manyazi. Ukwati umenewo ukukumbukiridwabe chifukwa cha Mlendo amene adamuitana. Wanunso, Misa ikatha, udzalembedwa m'buku la maukwati la parishi, ndipo mau adzatumizidwa kumene aliyense wa inu adabatizidwira kuti akalembe pambali pa dzina lake. Koma ana anu sadzawerenga mabuku amenewo, ndipo kanema adzamuonera mwa apo ndi apo. Chimene adzaone tsiku ndi tsiku ndi mmene bambo amalankhulira ndi mai fodya akagulidwa motchipa, ndi mmene mai amalandirira bambo pobwera ku okushoni. Yambani lero kuphunzira kumvana kumeneko, pa pepala la zokonzekera lomwelo, ndipo Mulungu amene adayamba ntchito yabwino mwa inu akudalitseni.