Njinga Youluka m'Bwalo la Ng'ombe

Lacitatu lina ndinalanda foni kwa mnyamata wa Giredi 9 amene anali kuionera pansi pa desiki, ine ndikutuluka thukuta pa bolodi kufotokoza za mphamvu yokokera zinthu pansi. Ndisanaiponye m'thumba, maso anga anagwera pa sikirini. Munthu anali m'malere, mutu pansi, njinga yamoto pamwamba pake. Ndinaima kukamwa kuli yasa, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka.

"Ba Ticha, mwaona? Gravity yanu yaluza," anatero mwini foni.

Usiku umenewo mabandulo anga anathera pa njinga zimenezi. Mpikisanowo unali kuchedwa Red Bull X-Fighters. Unayamba mu 2001 ku Valencia, m'dziko la Spain, m'bwalo limene anthu amalimbaniramo ndi ng'ombe zamphongo, ndipo anapambana ndi Mike Jones wa ku America. Caka cotsatira unasamukira ku Madrid, m'bwalo la Las Ventas lolowa anthu oposa 23,000. Oonerera kumeneko sanasiye mwambo wao wa pa ng'ombe: wokwera akawasangalatsa, anali kukupiza mipango yoyera.

Si mpikisano wa liwiro ai. Wokwera amathamangira pa cikweza cacitsulo, n'kuuluka mtunda woposa mamita 20, ndipo m'kamphindi kameneko amasiya zogwirira, amalendewera, amatembenuka. Oweruza amayerekezera awiriawiri, wogonja n'kutuluka. Mu 2005 anafika ku Mexico City, ndipo kuyambira 2007 anayamba kuzungulira dziko: London, Moscow, Dubai, ngakhale pafupi ndi mapiramidi a ku Giza. Kufupi kwambiri ndi ife kumene anafikako ndi ku Pretoria, patsogolo pa Union Buildings pamene Nelson Mandela analumbirira mu 1994. Kumeneko mu 2014 Josh Sheehan wa ku Australia anakhala katswiri wa caka.

Lolemba ndinabwera ndi vidiyo yanga m'kalasi. Tinajambula njira ya njinga pa bolodi, tinawerengera liwiro ndi kupendekeka kwa cikweza. Ana amene amagona masana onse anali kukweza manja. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti digiri yanga yagwira nchito.

Patapita masabata awiri, mnyamata uja anabwera dzanja lamanja lili m'cikhakha, amai ake ali pambuyo. Anali atasanja mabuloko, n'kuikapo thabwa, n'kuyesa kudumpha ngalande ya m'komboni pa njinga yakapalasa ya amalume ake. Amaiwo sanakweze mau. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndinu munamuonetsa zinthu zija?" Ndinafuna kunena kuti foni inali yake, kuti anayamba yekha. Zinali zoona, koma ndinangoti, "Inde amai, ndine." Amagulitsa tomato pamsika, ndipo masiku awiri amene anakhala pamzere kucipatala sanagulitse kanthu.

Cimene cimandiwawa n'cakuti mbali ina ya mbiriyi ndinali nditaiwerenga kale, koma ndinaisiya cifukwa ikanaziziritsa phunziro langa. Mu 2000, pamene Carey Hart anayesa kutembenuza njinga cagada m'malere, anthu anaona ngati misala. Patangopita zaka zocepa, wosacita zimenezo analibe mwai wopambana. Mu 2006 Travis Pastrana anatembenuka kawiri pa kudumpha kumodzi pa X Games ku Los Angeles, ndipo muyezo unakweranso. Cimene cinadabwitsa khamu caka catha cinali kusanduka cinthu wamba caka cino. Okwerawa amayeserera miyezi yambiri pogwera m'dzenje lodzaza masiponji, atavala zipewa zolimba ndi zoteteza thupi. Ngakhale zili tero, Jeremy Lusk anafa mu February 2009 atagwa pa mpikisano wina ku Costa Rica, ali ndi zaka 24. Eigo Sato wa ku Japan, amene anakwera pa X-Fighters zaka zambiri, anafa mu February 2013 pamene anali kuyeserera kwao. Mavidiyo a masekondi 30 amene ana amatumizirana sanena zimenezi, ndipo inenso sindinanene.

Pa okwera onsewo, amene ndimamuganizira kwambiri ndi Tom Pagès wa ku France, mnzake wa Sato. Panali nthawi imene anasiya kutembenuka cagada kuja. M'malo mwake anadzipangira masitayilo akeake, monga kuzunguza thupi lake m'malere njinga ili ciwongokere, ndipo mu 2013 anakhala katswiri wa caka. Musaganize kuti anasankha zosaopsa. Zake zinali zoopsa mwa mtundu wina. Koma anakana cinthu cimodzi cimene aliyense anali kunena kuti sicikanidwa. Ku Madrid anapambana kanayi kotsatizana, kuyambira 2013 mpaka 2016. Pofika nthawiyo mpikisano unali utabwerera m'bwalo limodzi lokha la Las Ventas, ndipo wa 2017, umene anapambana Levi Sherwood wa ku New Zealand, unali womaliza.

Zonsezi ndinauza kalasi mocedwa, mnyamata uja atakhala kutsogolo ndi cikhakha cake codzaza maina a anzake. Panali zii pamene ndinachula Sato. Belu litalira, iye anatsalira, n'kundipatsa pepala lolembedwa ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Anali atayeza ngalande ija ndi cingwe, n'kuwerengera liwiro limene linafunika.

"Ba Ticha, thabwa inali pansi maningi. Onani."

Ndinayang'ana kawiri. Masamu ake anali olondola, koyamba caka conse. Ndinagwira bolopeni yofiira kwa nthawi ndithu ndisanaconge. Kenako ndinamufunsa kumene kuli njinga ija, ndipo anati amalume ake anaimanga ndi cheni ku mtengo wa mango, kiyi amayenda nayo kunchito.