Mabenchi anga ali pa intaneti

Amalume anga mpaka lero amauza anthu kumudzi kuti ine ndimakonza makompyuta ku Blantyre. Ndinasiya kuwatsutsa. Koma munthu akandifunsa ali ndi nthawi yomvera, ndimamuuza kuti ndinamanga msika ndipo ndimachititsa lendi mabenchi. Kungoti msika wangawo ulibe malata, ulibe ngalande kuseri, ndipo uli m'kompyuta ina yaikulu, seva, imene sindinaionepo ndi maso, kutsidya kwa nyanja. Wamalonda amatsegula shopu yake pa foni, amaika zithunzi ndi mitengo, n'kulandira linki yoti aziponya pa WhatsApp. Wogula akadina linkiyo amasankha katundu, amaponya m'dengu, amalipira. Wamalondayo alibe nazo ntchito zoti seva n'chiyani. Denga likadontha, woitanidwa ndine.

Lusoli sindinaliyambe ine. Mu 1995, ku America, Paul Graham ndi Robert Morris anapanga Viaweb, pulogalamu yoti munthu amange sitolo ya pa intaneti popanda kuika kalikonse m'kompyuta yake. Mu 1998 Yahoo inaigula ndi masheya okwana pafupifupi madola 49 miliyoni, n'kuitcha Yahoo Store. Shopify nayo inabadwa chifukwa Tobias Lütke, ku Ottawa, ankafuna kugulitsa matabwa otsetserekera pa chipale chofewa, mapulogalamu amene analipo sanamukhutiritse, n'kulemba yakeyake. Pofika 2006 anali ataona kuti malonda enieni ndi pulogalamuyo, osati matabwa aja. Nkhani ziwirizi ndinaziwerenga magazi akadali otentha, ndipo zinandinamiza pang'ono. Ndinkati ukangolemba pulogalamu yabwino, anthu abwera okha ngati pa mjigo.

Dengu lenilenilo ndi kanthu kochepa. Intaneti ndi yoiwalaiwala: ukachoka pa tsamba loyamba kupita pa lachiwiri, seva siikumbukira kuti ndiwe yemwe uja. Mankhwala ake anawapeza Lou Montulli wa ku Netscape mu 1994, kanthu kotchedwa cookie. Kamagwira ntchito ngati kachiphaso ka nambala kamene amakupatsa ukasiya chikwama pakhomo la supamaketi. Iwe usunga nambala, iwo asunga katundu. Wogula akaponya diresi m'dengu, diresilo ndimalilemba m'kaundula wanga pansi pa nambala yake, ndipo akabweranso ndi nambalayo ndimamuonetsa dengu lake momwe analisiyira. Zimenezi ndinazilemba pa masabata awiri, ndi PHP ndi MySQL. Zimene zandidyera zaka ndi zina.

Kasitomala wanga woyamba anali mayi wina wogulitsa kaunjika wosankha, madiresi ndi nsapato za amayi, amene amaoda mabelo ku Limbe. Ndinapita kukawaonetsa ntchito yanga nditanyada. Ndinali nditatengera zonse za m'masitolo a kunja: wogula alembe imelo, apange password, alembe nambala ya nyumba, dzina la msewu, kenako nambala ya khadi la kubanki. Mayiwo anatenga foni yanga, anayendetsa chala kutsika, n'kuima.

"Achimwene, kasitomala wanga wa ku Ndirande alemba chiyani apa mwati msewupa?"

Ndinati alembe dzina la msewu wake.

"Ine amandiuza kuti wakabaza atsike pa chigayo, afunse pa mpopi, nyumba ya geti yobiriwira. Ndiye chigayocho chilowa pati?"

Usiku womwewo ndinagwetsa theka la zimene ndinamanga. Imelo ndinachotsa, password ndinachotsa. Panatsala dzina, nambala ya foni, dera, ndi bokosi lalikulu lolembedwa kuti "Pafupi ndi chiyani?" Wa ku Mzuzu kapena Lilongwe amangosankha kumene akatengere phukusi lake likatsika. Bokosi limenelo mpaka lero ndi limene anthu amalemba zambiri kuposa ena onse, ndipo nthawi zina ndikatopa ndimaliwerenga kuti ndiseke.

Mayi omwewo ndi amene anandiphunzitsa phunziro limene silinali m'buku lililonse mwa amene ndinawerenga. Sitolo ya kunja imakhala ndi malaya mazana amtundu umodzi. Kaunjika sali choncho. Chilichonse chotuluka m'belo n'chokhachokha, sichikhala ndi mnzake. Loweruka lina madzulo anatsegula belo ya nsapato, anajambula, anaika pa shopu, n'kuponya linki pa status. Cha m'ma 9 koloko foni yanga inalira.

"Achimwene, peyala ndi imodzi, olipira ndi awiri. Ndiwagawire phazi limodzilimodzi?"

Cholakwa chinali changa. Pulogalamu yanga inkachotsa katundu pa shelefu ndalama zikalowa, osati munthu akayamba kulipira. Amayi awiri anaona nsapato imodzimodziyo, onse anaponya m'dengu, onse anauzidwa kuti ilipo, onse analipira mosiyana masekondi ochepa. Nditatsegula kaundula ndinapeza kuti nsapato zotsala ndi -1. Mayi aja anabweza ndalama za mmodzi, anapepesa, ndipo kasitomala ameneyo sanabwerenso. Ine ndinagona mochedwa.

Chimene ndinachita n'chimene wapabenchi aliyense amachita. Munthu akati "ndisungireni, ndikatape ndalama," katundu amabisidwa pansi pa benchi. Tsopano wogula akangodina kuti alipire, kaundula amatseka mzere wa katunduyo kuti wina asaukhudze, ndipo nsapatoyo imasungidwa kwa mphindi 15. Ndalama zikapanda kufika, imabwerera pa shelefu. Mphindi 15 zimenezo sindinazilote. Ndinayamba ndi zisanu, anthu n'kudandaula, chifukwa ambiri amasankha kaye katundu kenako n'kuthamangira kwa ejenti kukaika ndalama m'foni. Ndinayesa ola lathunthu, ndiye panabuka anthu osungitsa madiresi khumi osagula ngakhale limodzi, ena akuona kuti zatha.

Pa ndalama ndi pamene pali mtima wa ntchitoyi. Kuno makhadi a kubanki ali ndi anthu ochepa. Ndalama zili m'foni. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo dengu losalandira ziwirizi ndi chidole chabe. Kayendedwe kake n'kotere: wogula alemba nambala yake, pa foni pake patulukira uthenga woti aike PIN, akaika, kampani yolandira malipiro itumiza uthenga ku seva yanga kuti zatheka. Pakati pa PIN ndi uthenga umenewo pali kamphindi kamene ndalama zachoka kwa wogula koma wogulitsa sanazione. Moyo wanga wonse wa ntchito uli m'kamphindi kameneko.

Uthenga utha kuchedwa, netiweki ikavuta kapena seva yanga ikatanganidwa. Uthanso kubwera kawiri, chifukwa wotumizayo akapanda kumva kuti ndalandira amabwereza, ndipo amachita bwino kutero. Poyamba sindinaganize za zimenezi, moti mnyamata wina wogulitsa ma charger ndi ma earphone anaona oda imodzi italembedwa kawiri, n'kutumiza maphukusi awiri. Lero malipiro aliwonse ali ndi nambala yake yosabwerezeka. Uthenga ukafika ndi nambala imene ndinaiona kale, seva imayankha kuti zikomo, n'kusachita kanthu. Ukapanda kufika, pulogalamu imapita yokha kukafunsa, pakatha mphindi zingapo ifunsenso, mpaka imve kuti inde kapena ayi.

Ndipo screenshot sindiilandira. Amalonda amandipempha kuti ndiike poti wogula aziponya chithunzi cha uthenga wa malipiro, ine ndimakana. Chithunzi mwana wa sekondale atha kuchikonza pa foni osamaliza n'komwe botolo la Fanta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Oda imasanduka yobiriwira pokhapokha kampani ya malipiro itanena yokha. Ndalamazo sizidutsanso m'manja mwanga. Zimachoka kwa wogula, kudzera ku kampani ya chilolezo, kupita kwa wamalonda. Kuyendetsa ndalama za anthu ndi ntchito imene Reserve Bank imayang'anira pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016, ndipo ine, kunena zoona, sindifuna kugona ndi ndalama za eni pamutu.

Zithunzi nazo zinandivutitsako. Foni ya masiku ano imajambula chithunzi cha ma megabyte anayi kapena asanu, ndipo tsamba la madiresi makumi atatu likanamaliza bandulo ya munthu asanaone ngakhale theka. Seva imazifinya zikangofika, ndipo shopu iliyonse ndimaiyesa pa foni yotchipa ya galasi long'aluka, ndili m'minibasi.

Koma kumanga n'kosavuta poyerekeza ndi kugulitsa. Ndinayenda mu Limbe ndi laputopu kumsana mpaka nsapato kutha chidendene, ndipo yankho linali limodzi paliponse: "WhatsApp ndi yaulere, ndikulipireni chifukwa chiyani?" Funso labwino, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkaliyankha molakwa. Ndinkanena za kukongola kwa shopu, zoti adzaoneka ngati kampani yaikulu. Ankangogwedeza mutu mwaulemu. Chimene chinayamba kutsegula zikwama ndi tsamba limene ndinalipanga mongothamanga, losakongola n'komwe: mndandanda wa amene alipira, amene sanalipire, zimene zatumizidwa, zimene zatsala. Munthu amene wakhala akufufuza m'mauthenga mazana atatu usiku kuti apeze amene anatenga diresi lofiira akaona tsamba limenelo amakhala chete kaye, kenako amafunsa mtengo.

Pali nkhondo ina imene ndinagonja. Amalonda ambiri safuna kulemba mtengo poyera. Amati bwerani ku inbox. Ine zinkandinyansa, chifukwa dengu lopanda mitengo si dengu. Ndinawalalikira mpaka kutopa. Koma kunenerera si matenda oti ndiwachize. Kasitomala wakale ali ndi mtengo wake, wogula zitatu ali ndi mtengo wake, ndipo woyandikana naye benchi sayenera kudziwa. Ndinaika batani loti "Tikambirane pa WhatsApp," ndipo akagwirizana, wamalonda amatumiza linki ya mtengo wotsitsidwa imene imagwira ntchito kamodzi kokha. Ndimaonabe kuti olemba mitengo poyera amagulitsa mosavutikira, koma shopu ndi yawo.

Pa kalipiritsidwe ndinaphonyanso. Ndinayamba ndi kudula kangachepe pa oda iliyonse, poganiza kuti n'chilungamo: ukagulitsa ndidya, ukapanda kugulitsa sindidya. Posakhalitsa ndinaona madengu ambiri akudzaza koma osafika polipira. Amalonda ankauza makasitomala kuti asankhe pa shopu koma ndalama atumize pa nambala yawo mwachindunji. Sindiwatcha akuba, wamalonda aliyense amaona pamene tambala ikudontha. Ndinasintha n'kuika lendi ya pamwezi, yofanana kaya wagulitsa zambiri kaya zochepa, monga chiphaso cha mumsika. Chinanso chimene ndinaona n'chakuti munthu amene watsegula shopu koma osaika katundu tsiku lomwelo sabweranso. Ndiye wolembetsa watsopano ndimamupitira, kapena ndimatuma mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, tikajambule limodzi zinthu makumi awiri zoyamba, pa nsalu yoyera, panja pamthunzi.

Lendiyo ndimalandira m'makwacha, koma seva ndi dzina la pa intaneti ndimalipira m'madola. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndinagona ndili ndi phindu, ndinadzuka ndilibe, osasintha mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu. Uthenga wokweza lendi ndinaulemba kasanu ndisanautumize. Ena anachoka, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa belo nayo inali itakwera sabata yomweyo.

Mwini msika ndi mlondanso. Mashopu onse ali m'nyumba imodzi, m'kaundula mmodzi. Ubwino wake n'ngwakuti ndikakonza chinthu m'mawa, pofika masana aliyense wachilandira, popanda kuyendera foni ya munthu. Kuipa kwake n'komweko: ndikalakwitsa, ndalakwitsira onse nthawi imodzi. Mzere uliwonse m'kaundula uli ndi nambala ya shopu yake, ndipo nditaiwala nambala imeneyo pa funso limodzi lokha, wogulitsa zitenje akhoza kuona mayina ndi manambala a makasitomala a mnzake. Zimenezo sizinachitikepo, ndipo ndi zimene ndimayesa kawiri ndisanatulutse chilichonse chatsopano. Lachisanu sindisintha kanthu. Kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, sindisintha kanthu. Kaundula amakoperedwa usiku uliwonse kupita kwina, ndipo kamodzi pamwezi ndimatenga kopeyo n'kuyesa kuutsa msika wonse pa seva ina, kuti ndione ngati ungadzukedi.

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, magetsi ankazima maola ambirimbiri. Mashopu anga sanatseke ngakhale tsiku limodzi, poti seva ili kumene magetsi sankazima. Amene anali mumdima ndine. Ndinkayankha amalonda ndili pa mkeka, laputopu ikukoka moto ku batire ya galimoto, ndikuwerengera kuti yatsala ya mphindi zingati.

Mayi a kaunjika aja akadali nane. Ali ndi atsikana awiri owathandiza tsopano, koma kope lawo lachikuto cholimba sanalitaye. Oda iliyonse amailembabe ndi bolopeni, ndipo mwezi ukatha amandiitana kuti tiyerekeze kope lawo ndi kaundula wanga. Mwezi watha zinasiyana ndi K2,000. Tinafufuza mzere ndi mzere mpaka tiyi kuzizira, n'kupeza kuti ndi ndalama imene anawonjezera wakabaza tsiku la mvula, imene pulogalamu yanga ilibe poilemba. Malo olembapo ndalama imeneyo ndi amene ndikupanga sabata ino.