Ndalama yakale sakwecha

Inu amene mumagula tomato kwa ife, mukudziwa kuti mulu uliwonse uli ndi mtengo wake. Wamkulu wosalala amakhala payekha, wapakati payekha, wofewa timaika pambali. Anthu osunga ndalama zakale za siliva nawonso amasankha chimodzimodzi, kungoti iwo kusankhako anakuikira manambala.

Ku America amagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70, umene William Sheldon anautulutsa mu 1949. Ndalama ya nambala 1 ndi yoperepeseka, yongodziwika movutikira kuti ndi mtundu wanji. Ikafika pa 12 amati Fine: yayenda m'manja ambiri koma zithunzi ndi zilembo zikuoneka. Kuyambira 50 mpaka 58 ndi imene yangokhudzidwa pang'ono pamalo otukuka. Kuyambira 60 mpaka 70 amati Mint State, kutanthauza kuti sinalowepo pamsika. Ya 70 ndiye ilibe kachipsera ngakhale mutaiyang'ana ndi galasi lokuza kasanu.

Tengani dola ya Morgan, imene inkapangidwa kuyambira 1878 mpaka 1904, kenako mu 1921. Siliva wake ndi magawo 90 pa 100 alionse. Woiyesa amayamba kuyang'ana tsitsi la pamwamba pa khutu la mayi wojambulidwapo, ndiye n'kuitembenuza kuona nthenga za pachifuwa cha chiwombankhanga, poti ndi malo amene amayamba kutha. Ife timatero ndithu pa kaunjika: malaya timayamba kuona kolala ndi m'khwapa.

Makampani ngati PCGS, imene inayamba mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987, amalandira ndalamazi, akatswiri n'kuziyesa. Akamaliza amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera, kokhala ndi kapepala kolembapo chaka, mtundu wa ndalama, chilembo cha kumene inasulidwa (S ndi San Francisco, CC ndi Carson City), giredi yake ndi nambala yoti wogula akatsimikizire. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi, siliva wake wofanana, mitengo imatha kusiyana kutalitali chifukwa cha kapepalako.

Tsono mvetserani pamene pandichititsa chidwi ine wa pamsika. Ife katundu timamukometsa. Masamba timawaza madzi, nsapato za kaunjika timachapa n'kupaka polishi. Ku ndalama zakale zimenezo ndi mlandu. Mukaikwecha ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale, mwachotsa kakhungu kake koyambirira n'kusiya timizere tating'ono. Akatswiri aja amaona msanga. Saipatsanso nambala, amangolemba kuti ndi yeniyeni koma inatsukidwa, mtengo n'kugwa. Kuda kumene siliva amada ndi zaka sikuti ndi litsiro kwa iwo ayi, ndi umboni woti palibe anaiseweretsa.

Mwina mukuti, za ku America zikutikhudza pati? Nthawi ya atsamunda kuno kunkayenda ndalama za ku Britain, masheleni ndi tiki zija agogo amatchula. Za chaka cha 1919 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva woposa magawo 92 pa 100. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva ngakhale pang'ono, kuyera kokha. Kotero ngati m'kachitini ka agogo muli zoterezi, yambani mwawerenga chaka.

Sindikukulonjezani chuma, abale anga. Zambiri mwa izo zinapangidwa zochuluka ndipo zinayenda mpaka nkhope ya mfumu kufufutika, choncho mtengo wake sungapose kwenikweni wa siliva ali momwemo. Koma amene sadziwa giredi ya katundu wake amauzidwa mtengo ndi wogula. Ndawaonapo amayi akumudzi akusiya dengu lonse pa mtengo wa tomato wofewa chifukwa choti sanasankhe, wopikula n'kuchoka akumwetulira.

Mukaipeza ndalama yotere, igwireni m'mbali, osati pankhope. Iliyonse ikhale m'kapepala kake kuti zisakhulane, mulembepo chaka ndi dzina la amene anakusiyirani. Wina akabwera n'kunena kuti "yakuda iyi, ndingokupatsani ya sopo," musafulumire. Muuzeni kuti muyamba mwafunsa kwina, ndalamayo ibwerere m'kachitini momwe ilili.