Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Ife anthu a kumudzi timachita manyazi kwambiri ndi matenda a m'mimba. Za mutu kapena za mwendo munthu anena msanga, koma za kuchimbudzi angoti, "M'mimbamu simuli bwino," basi. Ine ndifuna kukusimbirani poyera za nthenda imene inandisautsa zaka ziwiri dzina lake lisanadziwike, kuti kapena wina mwa inu athandizike.

Inayamba nyengo yopalira chimanga. Ndinali kutsekula m'mimba kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ngakhale usiku, ndipo chimbudzi chinali kutuluka ndi magazi ndi zonanda ngati mamina. M'mimba munali kupota. Ndinaonda, khasu linayamba kundilemera, ndipo munda wanga theka unamera thengo. Nthendayo inkaleka mwezi umodzi kapena iwiri, ndi kubweranso. Apo ndipo anansi ena anayamba kunong'ona kuti ndadyetsedwa.

Ku chipatala chathu chaching'ono anayamba ndi kundipatsa mankhwala a kamwazi. Kenaka anapima chimbudzi kufuna njoka za m'mimba ndi mazira a likodzo, popeza likodzo lina limakhala m'matumbo. Anapimanso magazi kufuna HIV. Zonsezi sanazipeze, koma anaona kuti magazi achepa m'thupi. Kumeneku sikunali kutaya nthawi ayi, pakuti kwathu kuno matenda amenewa ndiwo ochuluka, ndipo dotolo ayenera kuyamba ndi iwo.

Nditabwerera kachinayi, buku langa la kuchipatala lili m'manja, anandilembera kalata yopita ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Uko analowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kudzera njira ya chimbudzi, naona zilonda m'thumbo lalikulu. Anatapako kamnofu kakang'ono kukapima. Anafufuzanso TB, chifukwa TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi kutupa kwa matumbo, ndipo mankhwala a kutupako akapatsidwa kwa munthu wa TB, nthenda imakula.

Pomaliza dotolo anati, "Bambo, nthenda yanu ndi ulcerative colitis." Anandifotokozera kuti mphamvu za thupi zolimbana ndi matenda zimatembenukira matumbo a mwini wake, nazitupitsa. Si yopatsirana. Dzina lake linachokera kwa dotolo wa ku London, Samuel Wilks, amene anailongosola m'chaka cha 1859. Ilinso ndi mbale wake, nthenda ya Crohn, imene Burrill Crohn ndi anzake awiri anailongosola ku New York m'chaka cha 1932. Iyo ikhoza kugwira paliponse kuyambira m'kamwa kufikira kumatako.

Mankhwala sachotsa nthendayi, koma amaigoneka. Anandipatsa prednisolone wa masabata owerengeka, ndi sulfasalazine amene ndimwa tsiku ndi tsiku ngakhale ndili bwino. Anandiletsa Brufen, pakuti akhoza kuutsa zilondazo. Chaka chino ndapalira ndekha munda wonse.

Tsono abale anga, ngati kutsekula m'mimba kwapitirira masabata anayi, kapena muona magazi, kapena mukuonda osadziwa chifukwa, pitani ku chipatala. Nenani zonse monga zilili: kangati pa tsiku, maonekedwe a chimbudzi, ndi mwezi umene zinayamba. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni masikuwo. Musataye buku la kuchipatala, chifukwa ndimo dotolo wachiwiri aona zimene woyamba anayesa kale. Mankhwala akatha koma nthenda ikalipo, bwereraninso, ndipo funsani mwaulemu ngati angakutumizeni kwina. Makamaka inu akuluakulu musazengereze, popeza magazi m'chimbudzi nthawi zina ndi chizindikiro cha khansa, imene ichizika bwino ikapezeka msanga.

Dotolo sangabwere kudzakufunsani pakhomo panu. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.