Mwana ali ku Mulanje, ine ndili ku Joni

Ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg imabwera ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana, koma umagonamo wekha. Mwana salola. Ukakakana kachipindako, ndiye kuti ukachite lendi ku Mayfair kapena ku Lenasia, ulipire takisi m'mawa ndi madzulo, ulipirenso wokusungira mwana. Malipiro atha, kumudzi sunatumize kanthu, ndipo bambo wa mwanayo foni yake inasiya kalekale kupezeka. Ndalama imene boma la kuno limapereka yolerera ana ndi ya eni dziko ndi amene ali ndi mapepala. Ife amene anatidindira masiku 30 pa Beitbridge, masikuwo n'kutha tili konkuno, sitiyandikirako. Ndi kuchipatala komwe timapita mtima uli m'mwamba, poopa kukathera ku Lindela, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo.

Choncho mwana wanga ndinamukweza basi pa Park Station, m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, adzere ku Harare, Tete, Mwanza mpaka kwa agogo ake ku Mulanje.

Mwana wa adona ndimamudziwa bwino, chimene amadana nacho pa mbale, kaliridwe kake akamanamizira kudwala. Wanga ndikafuna kumugulira nsapato, amayi amamuponditsa pa pepala, n'kulemberera phazi ndi bolopeni, n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp. Nsapatozo pofika ndi amatransipota, zina zimakhala zitathina kale.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri kwathuko, mafoni anangoti zii. Ndinkasita malaya a abwana foni ili pambali pa simbi. Atandipeza, amayi anangoti, "Tili moyo, mwanawe, koma munda wapita. Ukalandira utiganizire."

Chimene chimandiwawa n'chakuti ulendo uwu si wachilendo. Agogo athu aamuna ankabwera konkuno kumigodi pa Wenela, n'kubwerera ndi njinga ndi jekete, mudzi wonse kuwalulutira. Palibe ankawafunsa kuti ana mwasiyira yani. Ine pa zinkhoswe ndi pa maliro amanditchula kuti ndine uja anataya mwana chifukwa cha marandi, chonsecho malata a nyumba ya amayi, feteleza ndi yunifolomu zikuchokera m'manja mwangamu.

Chigwada chotendera ndimachilakalaka, inde, ndi nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa wa m'mapaketiwu. Koma Disembala uno sindipitanso. Ndikangotuluka pa Beitbridge ndi pasipoti yotha masiku, andiletsa kulowanso, ndipo fizi ya Januwale sindikudziwa kuti ingachokere kuti.